Puloti Nambala 43

Anandionetsa pa kompyuta, m'ofesi yofunda bwino,
Bambo Hallam, tayi yawo ili psuu:
dambo lodulidwadulidwa ngati chigumu cha pamsika,
chidutswa chilichonse ndi nambala yake.
"Mzinda wa Leicester ukufufuma," anatero,
"zaka zisanu zokha, ufika pano."

Ndalamazo ndinaziwerenga m'tulo tosagonedwa:
zaka zinayi ndikutembenuza nkhalamba za eni,
kusintha matewera kunja kusanache.
Ndinasayina. Cholembera chinali chawo.

Loweruka tinakwera mabasi awiri, ine ndi Tinenenji,
kutsikira ku Kibworth, kenako wapansi,
matope akumeza nsapato zanga za kutchalitchi.
Tinapeza zikhomo zinayi, chimodzi chitagwa.
Nkhosa inali kudya pabalaza panga.

"Amayi, nanga nyumbayo ili kuti?"
Ndinamugwira dzanja: apa khomo, apa khitchini,
zenera loyang'ana kum'mawa,
chipinda chako ndi ichi, usaponde khoma!
Analidumpha khomalo akuseka.

Kalata ya khonsolo inafika mu Febuluwale,
yaulemu ngati munthu wokukaniza ngongole akumwetulira.
Malowo ndi anu ndithu, inatero,
koma njerwa ayi, maziko ayi,
ngakhale kachisakasa.
Deralo lizikhala lobiriwira choncho.
Njira yolowera nayo ndi ya mlimi.

Foni ya Bambo Hallam imangoitana
m'chipinda chimene ndikhulupirira
mulibe ndi mpando womwe.

Achimwene ku Chilomoni akufunsabe
ngati ndayamba kuumbitsa.
Ndimawayankha za kuzizira.
Ku chipereganyu sindinatchuleko;
Mayi Nkhwazi akanangopukusa mutu:
chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Komabe ndimapitako, shifiti ikandimasula.
Mlimi uja amakweza dzanja ali pa thirakitala,
sanandifunsepo kanthu.
Chikhomo chija ndinachidzutsa, n'kuchikhoma ndi mwala.
Ndimaima pakatikati,
mvula yakuno ikuwaza, yosadziwa kugwa kapena kukata,
ndipo palibe wondikumbutsa za lendi,
palibe belu londiitanira kuchipinda 12.
Mphepo yokha, ndi sitima ya ku London
ikudutsa kuseri kwa mitengo
ndi anthu amene ali ndi kopita.

Mu Meyi ndinakwirira nthanga za maungu
m'khitchini muja, pansi pa zenera.
Nkhosa zinadya zonse kupatula phando limodzi,
lomwe tsopano layanga kulowa pa 44,
malo a munthu wina amene sindinamuonepo.

Kalata ija ndaiwerenganso kawiri.
Za maungu sinanene.