Mpando wa Kumbuyo

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndawadziwira pa kagalasi aka a Mpaluko:
chipumi, maso, theka la mphuno.
Zotsalazo ndinkangomva ndi msana.

Akuti anayambira pa chidindo,
kalaliki wa ziphaso mu msika wa Limbe,
nsapato yakumanzere itayasamula.
Ine ndinawapeza ali kale khansala,
akuwerenga pa zala mipope youma ya ku Bangwe,
zala n'kutha, mipope isanathe.

Kenako tcheni cha umeya.
Chinkawalemera. Tikangokhota pa Chichiri
ankachivula, n'kuchiponya m'chipewa,
n'kusisita khosi ngati ng'ombe yochoka pa goli.
Kenako uphungu. Kenako kambendera pa boneti,
ndipo apolisi a pa Jinale
anaphunzira kuwongola msana tikamadutsa.

Musandifunse ngati anali munthu wabwino.
Ine ntchito yanga inali magiya.
Maenvulopu a khaki ndinawanyamula,
ena onenepa, opita ku nyumba za mipanda ku Namiwawa,
sindinafunse.
Komanso usiku wina wa mvula ku Zingwangwa
anaimitsa galimoto ya boma pakati pa matope,
tinanyamula mayi wosamudziwa, matenda atayamba,
mwana n'kubadwira pa mpando wa nduna
tisanafike pa geti la Gulupu.
Jekete lawo ndilo linali thewera loyamba.
Nyuzipepala sinalembe. Envulopu sinalembenso.

Lachitatu lina, nkhani za wani koloko,
tili pa mdipiti wa magalimoto pa Kamba,
wailesi inatchula nduna zatsopano
mpaka dzina lomaliza.
Zii.
Ndinaima pafupi ndi mayi wa nthochi,
ndinatsika, ndinazula kambendera, ndinakapinda kanayi.
Iwo anangoti, "Lekisoni, kodi mpira uli liti?"

Amati mapanga awiri avumbwitsa.
Awa analowa atatu, natuluka ouma,
kungonyowa pang'ono dzina.
Nsalu za zipani zonsezo mayi a kunyumba
anasokera makatani a kukhitchini,
ndipo nkhope zimene zinkatukwanizana pa misonkhano
lero zimayang'anira limodzi mbale zosatsuka.

Za mlatho wa pa Nasolo ndisanene zambiri.
Mwala wa maziko tinauika katatu,
chisankho chilichonse ndi lumo latsopano,
amayi akuvina, mbuzi ikufa.
Mtsinje unkangomvetsera.

Tsopano foni imagona tsiku lonse ngati mphaka.
Amene ankadikira pa khonde kuyambira mbandakucha
anapeza makonde ena.
Malipiro anga amabwera mwezi ukafuna,
koma ndimabwerabe, ndizolowereni,
Lachisanu lililonse kuwatengera ku sikelo ya shuga,
kumene namwino wobadwa dzana
amakuwa kuti, "Agogo a jekete, dikirani kaye!"
iwo n'kukhala pa benchi, kabuku m'manja,
pa mzere umene kale ankaudula ndi riboni.

Lero chiperoni chaphimba Soche.
Ndinawatsegulira chitseko cha kumbuyo, mwa masiku onse,
koma anazungulira ndi ndodo yawo
n'kudzakhala kutsogolo, pambali panga.
Kumene ndaona kuti ali ndi chipsera kunsi kwa khutu,
ndiponso kuti ndi munthu wamng'ono thupi.

"Tidzere ku Ndirande," anatero.

Tinaima pamtunda, injini ikutsokomola.
Ana a sukulu ankawoloka Nasolo, nsapato m'manja,
kudumpha mwala ndi mwala,
ndipo wapakati, wosalala bwino uja,
umene madzi anaugwetsera m'khwawa chaka cha chigumula,
unali ndi zilembo zodyeka ndi ndere:
WOLEMEKEZEKA D. MPALU

Kamtsikana kena kanapondapo ndi mapazi onse awiri,
kanapuma, kanakonza chikwama,
n'kudumphira kutsidya.

Anayang'ana nthawi yaitali.
Ndinkadikira mawu a pa msonkhano,
aja oyamba ndi "anthu anga".
Koma anangopukuta galasi ndi chikhatho
n'kunena chapansipansi,
"Ukugwira ntchito, eti."

Ndinaponya giya.
Pa kagalasi munalibe munthu.