Wolemba Zikwangwani wa ku Luchenza

Ndine amene ndinalemba chikwangwani chija
chaima pamphambano yolowera kumsika,
zilembo zakuda palata loyera:
ntchito yokumba ngalande,
eni ake khonsolo,
nthawi yake miyezi inayi.
Miyezi inayiyo ndinailemba dzanja losanjenjemera,
fodya ali kukamwa, ndikuimba mluzu.

Chilembereni, mvula yagwa zaka ziwiri.
Penti watukusira ngati khungu lopsa ndi phala,
ndipo dzimbiri layamba kudya dzina la kontirakitala
kuchokera kumchira,
ngati nalo lamva mlandu wake.

Mayi Muhiwa, ogulitsa nanazi ndi mapeyala,
amandikodola ndikamadutsa panjinga:
"A Khoviwa, ngalande yanu ija yafika pati?"
Yanga!
Cholakwa changa n'chimodzi:
pansi, pakona, ndinaikapo dzina langa ndi nambala ya foni,
poti mwina wa golosale angandifune.
Tsono Januwale akafika,
madzi akalowa m'mashopu ndi kunyowetsa matumba a mchere,
foni imalira pakati pa usiku.
Amatukwana ine.
Ndimamvetsera mpaka mayunitsi awathere,
poti munthu wonyowa safuna yankho,
amafuna khutu.

Ku ofesi kuli a Namakhwa, kalaliki,
munthu wabwino, wa nsapato zosokedwa kawiri.
Amanyambita chala, n'kutsegula fayilo, n'kuitsekanso.
"Ndalama sizinatsike. Bwerani Lachinayi."
Nawonso andikongola zikwangwani zitatu,
koma tsiku lina ndinawapeza akudya chinangwa chouma
kuseri kwa kabati,
ndipo mawu amene ndinabwera nawo
ndinabwerera nawo m'thumba.

Sindinganame, zina zinatheka.
Nyali zadzuwa zisanu ndi imodzi zija pa depoti
zinadzalidwa popanda mwambo, popanda chikwangwani changa.
Imodzi inafa, zisanu zikuyaka.
Pansi pake akabaza amawerenga ndalama osaopa,
ndipo mwana wa Nampinga, wa folomu folo,
amakhala pa njerwa ndi kope lake
mpaka minibasi yomaliza ya ku Limbe itatsitsa anthu.
Za nyalizo palibe anandiimbira.

Mwezi wathawu kunali msonkhano kuholo.
Khansala anawerenga manambala aataliatali,
anthu akupepesa kutentha ndi makatoni.
Kenako Mayi Muhiwa anaimirira,
nanyamula lisiti la msika, la tsiku lomwelo,
kapepala kochepa ngati tsamba la tiyi.
"Aka ndimadula m'mawa uliwonse,
ndagulitsa, sindinagulitse.
Ndiuzeni kamene kamapita."
Holo inati zii.
Ngakhale mpando wa a tcheya unasiya kulira.

Loweruka lotsatira, thirakitala ya khonsolo,
ija timati inafa kale,
inatulukira ikutsokomola utsi, itasenza mchenga ndi miyala.
Anyamata a pa sitandi anabwereka mafosholo.
Akumba mapazi makumi atatu okha,
kuchokera pa bucha kufika pa chigayo.
Kutsogolo kukadali udzu ndi majumbo.
Koma dothi lofiira launjikidwa m'mbali,
ndipo likununkhira ngati munda.

Dzulo a Namakhwa anditumira uthenga:
ndikafufute chikwangwani, ndilembe chatsopano,
deti yatsopano, miyezi yatsopano.
Ndapala dzimbiri ndi sandipepala,
ndapaka woyera kawiri.
Ndalemba ntchito, ndalemba eni ake.
Pamene pafunika nthawi ndaima,
bulashi ikudontha pa chala changa chachikulu.

Ndasiyapo poyera.
Akandifunsa ndidzati penti anatha.
Ndidzabwera ndi makwerero tsiku limene madzi a ku phiri
adzadutse msika uno osalonjera munthu,
ndidzalembe masiku amene ntchito inatenga.

Nambala ya foni ndaisiya pomwepo, pakona.
Mwina wa golosale uja adzaimba.