Mitu Itatu Pathebulo la Orrin

M'sitolo ya Dell Ostrander ku Salmon
mitu ya mivi imalendewera m'mapaketi ngati ndolo.
"Tenga uwu wodzitsegukira," anatero Dell.
"Umapita molunjika, mphepo siupatutsa.
Ukalasa, mipeni imayasama m'kati,
bala lake n'kulowetsamo zala zitatu."

Ndinagula. Ndinagulanso wa mipeni itatu yosagwedera,
usiku n'kuiyala pathebulo la amalume Orrin
pakati pa kapu ya khofi ndi mapu a mapiri a Lemhi.
Sanayankhule. Anatsegula kachitini ka fodya
natulutsa wachitatu: mipeni iwiri basi,
chitsulo chakuda, chonoledwa mbali imodzi,
chopanda maonekedwe.

"Wodzitsegukirawo ndinauyesa, chaka cha utsi chija.
Eleki yamphongo, mayadi makumi awiri ndi asanu.
Inasuntha phazi limodzi, limodzi lokha,
muvi n'kukumana ndi fupa la phewa.
Mipeni inayasamira pakhomo, m'nyumba osalowa.
Magazi, dontho apa, dontho patsamba uko,
kenako mvula.
Masiku atatu ndikukwawa ndi tochi m'mapaini.
Ondilozera anali makwangwala."

Analavulira pamwala wonolera.
Kwee, kwee, kwee.

"Uwu ukagunda fupa umapota,
umaliwaza ngati chikuni n'kutulukira kuseri.
Bala n'laling'ono, inde,
magazi pansi sachuluka, udzawerama ndithu.
Wa itatuwo sindiunyoza, dzenje lake silitsekeka,
koma uta wako ndi wofewa, Maren.
Kamphamvu kali m'mikono yakoko
usakagawire mipeni yambiri."

Ndinafuna kutsutsa.
Dell naye amapha, firiji yake sigona ndi njala,
ndipo pachandamale wodzitsegukira uja
umagwa pomwe diso langa lagwa.
Koma chandamale chilibe phewa,
sichisuntha phazi.

Orrin anayesa mpeni pamkono wake,
ubweya wotuwa n'kuyoyokera pamapu,
pamtsinje womwewo woti tikawoloke m'bandakucha.
Anandipatsira mutuwo nsonga italoza kwa iwo eni.

Magalamu khumi okha pachikhatho.
Kunja, kuseri kwa khola la mahatchi,
eleki inaimba mluzu wake wa Seputembala,
wautali, wothera m'kubuula.
Ndinawerengera chamumtima:
masekondi khumi, kapena masiku atatu.

Mapaketi a Dell ndinawakankhira kumbali,
risiti ndinali nayo m'thumba.
"Bwerekeni mwalawo," ndinatero,
"mundionetse kapendekedwe kake."