Shifiti ya Usiku ku Corby

Kuno chilichonse n'chowerengera.
Foni imalemba mphindi imene ndalowa pakhomo,
imalembanso ndikatuluka,
ndipo chilolezo changa chokhala m'dziko muno
chalenjekeka pa siginecha ya bwana.

M'chipinda chakumapeto muli a Valdis.
Anachoka ku Latviya ali mnyamata,
zaka makumi atatu anasungunula chitsulo m'tauni muno
mpaka ng'anjo zinazima.
Lero supuni ikuwalemera.
Dzina la mwana wawo analiiwala, langa sanaligwirepo,
koma katekisimu wa paubwana ali nga nga nga,
m'chinenero chomwe ine sindimva.

Lachinayi ndinawazazira.
Thu koloko usiku, kachitatu kusintha zofunda,
msana ukuyaka, kumudzi akufuna fizi,
ndinawakoka mkono mopyola muyeso.
Sanalire.
Anangondiyang'ana ngati mwana womenyedwa pa mlandu wa mnzake.
Pa fomu ndinalemba kuti agona bwino.

M'basi ya m'mawa, mneneri wa pafoni anali kalikiliki:
bzala mbewu ya mapaundi makumi asanu,
mafuta odzozedwa atsala mabotolo ochepa.
Chala changa chinafika pa batani.
Munthu ukapalamula umafuna windo lolipirirapo,
akupatse lisiti uziyenda nalo.

Lamulungu abusa Marjatta anabwera ndi kachikwama,
mkate wopyapyala, vinyo m'kabotolo ngati ka mankhwala a chifuwa.
Mpingo wawo ndi anthu khumi ndi awiri m'tchalitchi chobwereka,
otsalawo ali m'mabedi ngati awa.
Ndinawaimitsa m'khonde, pafupi ndi ngolo ya zochapa,
n'kukhuthula zonse, ndi za fomu zomwe.
Sanadzidzimuke.
Anati kalekale ku Jeremani
mmonke wina ankatopetsa anzake ndi kulapa,
kusala kudya, kusankha machimo ake ngati wosankha nyemba,
mpaka anatulukira kuti Mulungu si wakatapila.
"Iwe Mwandida, ndiwe wochimwa, ndiwenso wolungama,
zonse ziwiri lero lomwe, osati theka ndi theka.
Wakhululukidwa. Tsono pita ukakonze fomu ija."

Ndisaname, zinandinyansa pang'ono.
Ndinakula ndikudziwa kuti chaulere chimakhala ndi mbedza m'kati.
Komanso ngati ngongole yatha,
fomu ndi yachiyaninso?
Anati, "Kumwamba alibe nayo ntchito fomu yako.
Amene ali nayo ntchito ndi awo agona m'chipindamo."

Ndinakonza.
Bwana anandipatsa kalata ya chenjezo,
ikhala m'faelo mpaka chaka chamawa.
Chisomo sichinafufute imeneyo,
ndipo masiku ena ndimadzuka nayo pakhosi.

Usiku uno mvula ikuwaza pa zenera,
ija ya kuno, yosadziwa kugwa n'kutha.
Ndawapukuta a Valdis, ndawatembenuzira kukhoma,
ndawapaka mafuta wamba m'zidendene,
a pasitolo, osapemphereredwa ndi aliyense.
Ine ndinkasaka Mulungu wa pansanja,
wa magetsi, zinkuzamawu ndi anthu akugwa chagada.
Abusa akuti amakonda kubisala komwe maso amathawako:
pamtanda, m'buledi wosakoma,
m'thewera la nkhalamba.
Akutinso ntchito yangayi ndi ubusa,
sichepa ndi kolala yawo.
Apo sindinavomere kwenikweni;
malipiro athu akanakhala mboni.

Koma taonani,
agwira dzanja langa, lomwe lija,
akung'ung'udza za kwawo, maso ali tseke,
mawu akutuluka mondondozana ngati anthu odziwa njira mumdima.
Sindikudziwa ngati akundikumbuka za Lachinayi,
kaya andikhululukira, kaya angoiwala.
Liwu limodzi lokha ndalimva, lomaliza,
limene ndi lathu tonse.

Belu la chipinda chachitatu lalira.
Ndisiya dzanja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.
Kwatsala maola anayi kuti foni indilembe kuti ndatuluka.