Muyeso

Achimwene anga a Lefani akhala akukhoma mabokosi a maliro
zaka makumi awiri ku Mchesi,
m'mbali mwa msewu momwe utuchi
umakwera minibasi pamodzi ndi anthu.
Ankangokuyang'ana kamodzi
n'kudziwa kutalika kwako.
Tepi inali ya mwambo chabe.

Lero agona pamphasa kuno ku Kawale.
Ku Sentolo anatitulutsa mu Juni:
pitani nawo kunyumba, palibenso chodula.
Khansa yatha chiuno, yayamba msana.
Munthu wonyamula thabwa la mlombwa paphewa limodzi
ndikumutembenuza ndekha, osatuluka thukuta.

Botolo la mofini lili pawindo.
Nesi Namaona anajambula mzere pakakapu:
apa, osapyola apa.

Lachitatu usiku magetsi atazima
anandiitana ndi dzina langa la paubwana.
"Mzere uja ndi wa nesi.
Ine ndine mmisiri, muyeso wanga ndimaudziwa.
Ndayeza kawiri. Chatsala n'kudula."

Ndinati wopatsa ndi Mulungu, wotenga ndi yemweyo.
Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa.
"Galu wathu atagundidwa ndi lole pa Chidzanja
sitinadikire abusa.
Unalira, koma unati tachita bwino."
Ndinati inu si galu.
"N'chifukwa chake ndikupempha ndi pakamwa.
Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko,
koma miyendo ndilibe, mlongo wanga.
Nditsekulire."

Apolisi sindinawaganize kwambiri,
ngakhale ndikudziwa dzina lomwe lamulo lingandipatse.
Amayi a mvano obwera Lachinayi ndi shuga ndi nyimbo
nawonso sindinawaope.
Ndinaopa dzanja langali.
Miyezi inayi benchi yanga ku msika wa Tsoka ili pululu,
landilodi wasiya kupereka moni,
ndipo tsiku lina ndikuchapa nsanza zawo pampopi
ndinadzimva ndikuwerenga masiku.
Ndikathira kupyola mzere,
wothirayo adzakhala ndani,
chifundo kapena kutopa?
Awiriwa avala chitenje chimodzi,
mumdima sindiwasiyanitsa.

Komanso Lamlungu lapitali
anandituma Fanta wozizira,
anatukwana woyimbira mpira pawailesi,
anaphunzitsa mwana wanga kunola tchizulo.
Wa Lamlungu uja ndi wa Lachitatu uyu,
mwini moyo ndi uti?
Ndikamvera mmodzi ndapha mnzake.
Ndikakana, ndiye kuti ululu wa munthu wina
ndausandutsa guwa loonetserapo chikhulupiriro changa,
ine wogona tulo popanda kubuula.

Ndinayatsa tochi ya pafoni.
Ndinathira mpaka pamzere,
dzanja likunjenjemera, dontho limodzi linagwera pamphasa.
Anamwa.
Anandiyang'ana momwe ankayang'anira makasitomala,
kuyambira kumutu mpaka kumapazi.
"Mawa ndidzakufunsanso."
Ndinati mudzandifunse.

Kutacha ndinaimbira nesi Namaona,
ndinati mzere wanu wachepa, ululu waudumpha.
Anati abwera Lolemba akapeza mafuta a njinga.
Lolemba lili kutali ngati Nsanje.

Bokosi lawo anakhoma okha chaka chatha,
lili kwa mnzawo ku Biwi, amaikamo misomali.
Botolo ndalichotsa pawindo.
Ndimagona nalo m'chitenje, pamimba,
ngati ndalama za malonda,
ndipo sindidziwa amene ndikumubisira,
iwo kapena ine.