Makutu a Bambo

Kuseri kwa msika wa ku Ulongwe
bambo amasula tinkhwangwa tosadzira nthambi
ndi masipuling'i a lole ya ku Japani
imene idafera pamsewu wa ku Domwe.
Amati chitsulo chidawoloka nyanja ichi,
chingaope madzi a m'ndowa?

Ine malo anga ndi pamvukuto,
kupumira moto m'malo mwake
mpaka chitsulo chiti psuu ngati bala latsopano.
Nyundo idawadya makutu kalekale.
Tambala amangomuona akuyasamula.

Ndiye nkhwangwa ikazizira
amaipachika pawaya,
n'kuigogoda ndi msomali,
maso ali pa ine.
Ikalira ngwee, mawu n'kutalika,
ndimavomera ndi mutu.
Ikati phwa ngati mphika wong'aluka
ndimayang'ana pansi,
ibwerere kumakala.

Lachinayi lina adafika a Zefa a ku Kalomwe,
ndalama atamanga pansonga ya kapulana,
akufuna kodulira mapichesi mvula isanagwe.
Dzuwa linali litapendeka.
Kunyumba mchere udatha dzana.
Bambo adagogoda.
Ndidaumva mng'alu, wochepa ngati tsitsi,
wabisala pafupi ndi khosi.
Ndidavomera ndi mutu.

Adakhomera mpini, adanola,
adameta nako ubweya wa pamkono
kuti mayiwo aone okha.

Chiyambire tsikulo, Lachinayi likakwana
ndimakhala chofulatira njira ya ku Kalomwe.
Ndipo bambo akagogoda chitsulo
amachedwa kuchotsa maso pa ine,
kapena ndi ine amene ndikuona choncho.