Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Fomu ili ndi mafunso khumi ndi awiri.
Dzina ndalemba: Lifeyo Kamtambe.
Kokhala: Chinsapo, kuseri kwa chigayo chakufa chija.
Matenda: msana,
umene mabelo a fodya ku Kanengo
anaupinda zaka khumi ndi zitatu
mpaka m'mawa wina unakana kuwongoka.
Monsemu cholembera chayenda chokha.

Chaima pa funso lachisanu ndi chiwiri:
Kodi mwezi uno mwapezako ndalama ina iliyonse
kupatula thandizo la odwala ndi la lendi
limene bungwe lino limakupatsani?
Pansi pake kabokosi,
kochepa kuposa ka machesi.

Ndapezako, inde.
Masiku anayi msana unandibwereka thupi langa.
Ndinakhala pakhonde ndi singano ndi ulusi wa nayiloni,
ndinasoka nsapato za ana asukulu atatu,
patapata wa mayi wogulitsa makala,
ambulera yothyoka nthiti ziwiri,
ndi jombo za mlonda amene sanalipirebe.
Zolowa m'thumba: K9,500.

Kabokosi sikakufunsa za masiku enawo,
amene ndinawerenga mabowo a malata nditagona chagada.
Sikakufunsa ya kabaza wopita ku Bwaila,
amene amanditchaja kawiri
chifukwa ndimati m'maenjemo tiziyenda pang'onopang'ono,
kapena ya mapiritsi amene kuchipatala anati atha,
mukagule ku famase.
Kakungofuna nambala.

Pabenchi pano tonse tikuidziwa ya Sitefano.
Analemba zoona za majumbo amene ankagulitsa kudepoti,
thandizo linaima miyezi itatu, ati tikuunika,
landilodi anazula chitseko n'kupita nacho.
Tikuidziwanso ya mayi Elube.
Iwo analemba ziro,
woyandikana nawo n'kukanena za mandasi,
dzina lawo analidula ndi inki yofiira.

Ziro savuta kulemba.
Kamzere kamodzi, kozungulira,
kobwerera pomwe kanayambira.
A Mlomba akufuna lendi pa faifi,
ndipo chitseko changa chili ndi misomali inayi yokha.

Koma nsapato zija ndinasoka ndine.
Dzulo ndaona kamodzi mwa tiana tija
kakuthamangira belu, sole osayasamula.
Ndikalemba ziro
ndiye kuti masiku anayi aja kunalibe,
ndiye kuti pakhonde paja panakhala msana wokha,
wopanda manja.

Ndalemba. Naini, faifi, ziro, ziro.
M'mphepete, m'tizilembo tating'ono, ndawonjezera:
si mwezi uliwonse.
Mawuwo atuluka kunja kwa kabokosi.

Mayi Kaphamtengo awerenga osandiyang'ana.
Akanikiza kakyuleta, ayang'ana pepala lawo la malire,
akanikizanso.
Fani ya padenga ikuzungulira ngati nayonso ikudwala.
Ati pali pomwe mukafika timachotsako,
inu simunafikepo, mwatsala pang'ono.
Mwezi wamawa mudzalembenso, mudzabwere ndi kalata ya dokotala.
Chidindo, phaa.

Ndiye kuti ndichire, koma mosamala.
Ndigwire ntchito, koma ndiziyang'ana mzere
ngati mwana wosewera fulaye.

Ndikudzuka, dzanja pandodo, lina patebulo,
iwo atsitsa mawu:
Bambo, paja mwati mumasoka nsapato?
Aweramira pansi pa desiki,
pomwe pali chikwama cha zitenje zimene amagulitsa pa lanchi,
atulutsa nsapato yakuda, chidendene chili lendelende.
Imeneyi ndi zingati?

Ndaitembenuza. Guluu, misomali itatu, theka la ola.
Wani faifi, mayi.

Ndatuluka nayo m'jumbo.
Dzuwa la Okutobala laphulika pamsewu wa ku Mchinji,
makondakitala akukuwa Chinsapo, Chinsapo, wotsala mmodzi.
Ndaima pamthunzi wa shopu, ndikuwerengera pa zala
ngati wani faifi ameneyu
ndi wa mwezi uno kapena wamawa.